Penti ya Buick

Lolemba, 12 Meyi
Kalata yochokera ku ofesi ya malaisensi. Ndalephera mayeso a maso. Ng'ala, maso onse awiri. Akapanda kuchira, sindidzayendetsanso galimoto.
Zaka khumi ndi chimodzi ndikukonza galimoto ya Buick ya malemu apongozi anga, ya 1956, ya denga la lona lopinda. Ndinaitulutsa m'khola mbewa zitadya mipando, dzimbiri litamaliza penti yonse. Mtundu wake wobiriwira ndinasakaniza ndekha, mmene ndinkaukumbukira. Ndaifunditsa nsalu. Sindiivundukula kufikira za maso anga zitadziwika.

Lachinayi, 22 Meyi
Opareshoni ya diso lamanzere. Mkazi wanga Arlys ndiye anayendetsa. Amaponda buleki mochedwa.
Delbert wa ku galaja akuti, "Ukachita khungu, mdala iwe, makiyi ndi anga. Pa perete ya tauni ya pa 4 Julayi udzakhale kumbuyo uziponyera ana maswiti."

Lachisanu, 6 Juni
Lamanja, dzulo. Makoma a kukhitchini ndi oyera. Ine ndinkati ndi achikasu.

Lolemba, 16 Juni
Ndakhoza mayeso a maso. Ndawerenga mpaka mzere wotsiriza, wa tizilembo ting'onoting'ono.
Ndavundukula galimoto. Si yobiriwira. Ndi yabuluu ngati thambo. Zaka zitatu chiipentereni, tauni yonse ikuona, wondiuza palibe.
Delbert: "Akanakuuza ndani? Tinkafuna kukhalabe ndi moyo."

Lachitatu, 18 Juni
Ndabwera ndi chitini cha penti yobiriwira. Yeniyeni tsopano. Perete isanafike sindingathe kuipenta.

Lachisanu, 4 Julayi
Ndayendetsa ndekha, denga lopinda, pambuyo pa galimoto yozimitsa moto ndi gulu la oimba. Injini sinatsokomole ngakhale kamodzi. Zitsulo zonyezimira, fungo la chikopa chotentha ndi dzuwa, mphepo m'khosi. Ndinaona nkhope iliyonse m'mbali mwa msewu. Okalamba anzanga anavula zipewa.
Arlys pambali panga, mpango kumutu, monga tsiku limene bambo ake anandibwereka makiyi koyamba. Ndinamupepesa kuti ndawononga mtundu wa galimoto ya kwawo.
Iye: "Inu, mukuganiza kuti tsiku lija ine ndinkayang'ana penti? Yang'anani kutsogolo, mugunda anthu oimba."
Chitini chili pashelefu. Chikhale pomwepo.