Galamafoni ya Msinkhu wa Evelina

Lolemba, 9 Ogasiti 1948

Mphepo tsiku lonse, fumbi mpaka m'makapu. Ndabwerera kukaphunzitsa koyamba chimuikireni Evelina. Ana anakhala chete ngati wodwala ndine.

Nditaweruka, amayi a kwaya anabwera ndi mbale ya galamafoni ija, ya nyimbo yawo. Ndi ya chaka chatha, pamene mzungu wa makina ojambula mawu anaima ndi lole yake pa tchalitchi chathu. Anawadulira imodzi yokha, ina kulibe. Ndime yachitatu mkazi wanga amaimba yekha. Amayiwo akuti, "Aphunzitsi, iyi ndi yanu tsopano."

Ndaiika pa kagalamafoni kathu konga sutikesi. Mawu atuluka ang'onoang'ono, ngati udzudzu m'botolo. Komanso akuchokera patebulo. Iye sankaimba chokhala.

Lachiwiri, 10 Ogasiti

Ndikufuna galamafoni yoima yokha pansi, ija ya kabati, lipenga lobisika m'kati. Ndinawerengapo kuti lipenga likatalika ndi pamene mawu otsika amatuluka athunthu. Ake anali otsika.

Lachinayi, 12 Ogasiti

Dorah, mng'ono wake wa Evelina, amabwera masana kudzasesa ndi kuphika mpaka tidzamete. Lero wandipeza ndikupukusa galamafoni.

"Alamu, mukuitana ndani?"

Ndati ndi mbale chabe.

"Mbale! Munthu tamuika m'dothi la eni, njira ya kwawo saidziwa, akungozungulira kumvetsera amene angamutchule. Ndiye amve mawu ake omwe akumuitana m'nyumba muno? Apita bwanji? Dikirani timete kaye." Kenako, akukung'untha mkeka: "Ali moyo munkati akusokosa mukamawerenga."

Ndinaseka. Nayenso anaseka, mpaka analowa kukhitchini kukalira.

Loweruka, 14 Ogasiti

Ku msewu wa Lobengula, mbale ndaikulunga mu mpango wake. M'masitolo a Amwenye makabati aima kumbuyo mondondozana, ngati odwala pa mzere wa kuchipatala cha Thorngrove. Sindinafune kuganiza zimenezo, koma zinabwera zokha.

Yoyamba, zitseko zake zili m'munsi. Evelina anaimba kuchokera m'mawondo mwanga. Yachiwiri yokutidwa nsalu kumaso, yamphamvu ndithu, koma inamusandutsa mayi wolalata pamsika. Ina inkanjenjemera pa mawu otsika ngati denga la malata. Mwini sitolo osatopa kuyamikira m'chilankhulo cha kuno kuti akuimba bwino zedi: "Muhle sterek, mfundisi! Pukusaninso!" Nthawi iliyonse singano yatsopano yachitsulo, nthawi iliyonse ndime yachitatu, poti ndi imene ndikufuna. Anthu anaima pakhomo kumvetsera. Mayi wina anafunsa kuti woimbayo amakhala lokeshoni iti.

Sindinasankhe iliyonse. Pansonga pa singano yomaliza panali kafumbi kotuwa. Ndinakauzira.

Lamulungu, 15 Ogasiti

Pa ndime yachitatu pakumveka kaphokoso konga mvula ya patali. Lolemba panalibe.

Lachiwiri, 17 Ogasiti

Kwa Che Hamidi, kalipentala amene anakhoma bokosi la maliro. Amakonzanso magalamafoni. Anapendeketsa mbale padzuwa, kenaka anandionetsa ndi chikhadabo mzere wotuwa pakati pake.

"Iyi njofewa, aphunzitsi, si ngati za m'sitolo. Chitsulo chikuilima. Apa patuwapa mwabwerezapo kwambiri."

Ndinafunsa ngati ingakonzeke. Anapukusa mutu. Akuti yonse ingamvekenso kamodzi, mwina kawiri, koma ndi munga, osati chitsulo. Anandipatsa minga youma m'kabokosi ka machesi. Kafumbi kaja ndinauzira m'sitolo kanali Evelina yemweyo.

Pangodya panaima kabati yaitali, yopyapyala, ya mlombwa. Anaipanga yekha, lipenga lopindidwa m'kati, zitseko ziwiri kumtunda. Ndinaima pafupi. Pamwamba pake panandifika pachibwano, pamene pankafika mutu wa Evelina tikaima limodzi m'tchalitchi. Zitseko zili pa msinkhu wa pakamwa.

Che Hamidi sanabise. "Ndi matabwa otsala pa bokosi lija. Ndanena kuti musadzamvere kwa ena."

Sitima ya katundu inadutsa kuseri, ndipo kabati inayamba kung'ung'udza yokha, chapansipansi, mulibe mbale. Iye anaisanjika dzanja monga amachitira ndi mwana wovuta, inakhala chete.

Sindinaiyese n'komwe. Ndasankha imeneyo.

Lachinayi, 19 Ogasiti

Yabwera chogona pa ngolo ya abulu. Amuna a mumzere wathu anavula zipewa. MaNdlovu wa khomo loyandikana anagwira kumutu, nafunsa m'chilankhulo chawo kuti wafanso ndani: "Maye! Ngubani futhi?" Ndinachita kufotokoza khomo ndi khomo kuti sikunafe wina.

Dorah sanaikhudze. Anaiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mwaibweretsa ndithu." Ndamulonjeza kuti siilira mpaka titameta Lamulungu. Waifunditsa nsalu kuti asamaione. Zaipiratu. Tsopano pangodya, pafupi ndi zenera, paima mayi wofunda.

Lachisanu, 20 Ogasiti

M'mawa ndikutuluka kuchipinda, monga ndinkamulonjerera Evelina, ndinati, "Mwadzuka bwanji, aNambewe?" Ndinazindikira nditamaliza kale. Ndinadikirabe pang'ono.

Loweruka, 21 Ogasiti

Nsalu ndaipeza pansi, zitseko ziwiri zija zili zotseguka pang'ono. Dorah akuti sanayandikireko. Matabwa amakokana nyengo youma, izi ndikudziwa. Ndazitseka.

Minga ndasankha umodzi wowongoka bwino, ndausongola pa mwala. Usiku wa mawa mbale iyi idzakhala itatha kapena itatsala pang'ono. Ndaganiza zoisunga osaimvanso, kuti ikhale m'bokosi ili ndi mawu ake. Koma mawu amene sindingawamve ndiwasungiranji? Dorah wabweretsa lumo ndi sopo.

Lamulungu, 22 Ogasiti

Tameta m'mawa kuseri kwa nyumba. Mutu ukuzizira.

A Lemson, akulu a bungwe lathu la maliro, ndi amene analankhula. Anayang'ana kum'mawa, nayamba kumuuza Evelina njira monga amauzira aliyense wofera kuno: "Mayi, kuno n'kwa eni, musachedweko. Mukwere sitima ya ku Salisbury. Musatsike pa Gwelo. Pa Dondo musinthe. Mukaona mlatho wautali, ndi Zambezi ameneyo, musaope. Limbe, Balaka. Kuchokera apo mapazi anu akudziwa." Amayi ankavomera pa dzina lililonse. Ine ndinalephera.

Anthu atabalalika, dzuwa lili pamutu, ndinatsegula zitseko, kupukusa, kuika munga.

Kwaya inadzaza chipinda. Sindinadziwe kuti m'mbale muja muli zonsezi: benchi kulira, mayi wina kutsokomola, ngakhale nkhunda za padenga la tchalitchi. Ndime yoyamba. Yachiwiri. Ndinaimirira moyang'anana nayo kabati, monga mmene tinkaimira.

Yachitatu inali mvula yokhayokha. Palibe liwu ndi limodzi lomwe. Ndinali ndachedwa.

Ndipo mkati mwa mvulamo mawu analowa. Osati m'kabati. Kumbuyo kwanga, pakhomo la kukhitchini. Otsika, athunthu, ndi kampweya kaja ankakoka asanakwere pa mzere womaliza. Mumtima ndinati ndi Dorah wandimvera chisoni, paja mawu awo ngofanana, ana a mimba imodzi.

Pazenera ndinamuona Dorah ali kumpopi, mutu wake wometa, ndowa m'manja, akukangana ndi MaNdlovu kuti anayamba kufika ndani.

Sindinacheuke. Ndinamvetsera ndime yonse, mawu ndi mawu, mpaka kumapeto. Kwaya inabwereranso m'kabati ndi ndime yachinayi. Ndinanyamula munga.

Ndinati, "Zikomo, aNambewe. Njira mwaimva kwa a Lemson. Ya ku Salisbury imanyamuka madzulo, musachedwe chifukwa cha ine."

Mbale ndinaikulunga mu mpango. Zitseko za kabati ndinatseka, ndipo zakhala zotseka.

Dorah analowa, natula ndowa, madzi kutayikira pansi. Anayang'ana ine, anayang'ana kukhitchini.

"Alamu, watuluka ndani? Ndamva chitseko cha kuseri."

Ndinati ndi mphepo.

Anasuzumira panja. Zovala za MaNdlovu zinali lende pachingwe, osagwedezeka ndi chimodzi chomwe.