Mawondo a achimwene Yakobe

Amalume,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata. Muli bwanji ku Likomako? Kuno ku Msumba tilipo, chifuwa cha amayi chachepa.

Lamulungu achimwene Yakobe anasewera mpira wa basikete ku Metangula, m'timu ya asilikali a panyanja. Anaponya kasanu, mpira osalowa. Potuluka anthu anakangana. Bambo wina anati, "Wakalamba ameneyu, mawondo atha." Mnzake anati, "Mkono ukadalipo. Inu munaugwirapo mpira?" Akomandanti, mkulu wa asilikaliwo, anangomvetsera osaseka, kenaka anafunsa achimwene zaka zawo.

Mukudziwa kuti mpirawu ndiwo wawasunga padoko. Amene anachotsedwa m'timu chaka chatha anamutumiza kunkhondo kutchire, mpaka lero sanabwere.

Kodi kwanuko angapezeke malo a munthu mmodzi? Chonde yankhani msanga, asanasewerenso. Mulungu akusungeni.

Ine mwana wanu,
Esinati