Zidole za Bambo

Lolemba, 3 Juni 2024

Lero wakwana mwezi chigwere Bambo anga, a Osório, ndi sitiroko. Sakuyankhula. Dzanja lamanja linafa, lamanzere limangokhala pa bulangeti. Namwino akuti tiziwaonetsa zimene ankazikonda. Mayi atulutsa buku la nyimbo za kutchalitchi. Sindinatsutse, koma tonse tikudziwa kuti chimene ankakonda ndi zidole zija.

Ali mlonda pa hotela ku Quelimane ankaonera TV ya alendo kudzera pazenera. Loweruka lililonse kunkakhala sewero la zidole zonyoza andale. Ife sitinalionepo, tinkangolimvera kwa iwo akabwera ku tchuthi. Nduna ya mphuno yaikulu, lumo lodulira riboni m'thumba, kutsegulira mjigo womwewo sabata iliyonse. Anthu akafunsa madzi, chala m'mwamba: "Amanhã, anthu anga." Mawa. Nsapato zanga zakusukulu zinayankhidwa choncho zaka ziwiri.

Lachitatu, 5 Juni

Achimwene Renato anditumizira dzina la seweroli kuchokera ku Nampula. Ndapita kumsika kwa Edilson, wothira mafilimu m'mafoni. Akuti, "Mana Neide, mlongo wanga, zidole za ana zilipo zambiri." Ndati za andale. Wayang'ana uku ndi uku. "Zimenezo sindisunga, ndili ndi banja." Andale akewo theka anamwalira kalekale.

Lachinayi, 6 Juni

Ndalipeza pa intaneti, magawo onse. Kudina, foni ikuti sizingaoneke m'dziko lanu.

Lachisanu, 7 Juni

Ndawoloka malire pa njinga mpaka ku Muloza, ndi simu yanga ya Malawi. Kuno chinthu chikasowa timangowoloka: shuga, mankhwala, ngakhale mkazi. Ndinati poti dziko lathu likukanidwa, lina lili pompa. Ndakhala pakhonde la golosale, ndadina. Uthenga womwewo. Kwa eni zidolezo, tsidya lino ndi tsidya ilo ndi kutchire kumodzi.

Loweruka, 8 Juni

Bambo akana phala. Masipuni awiri basi. Ndikawaitana amandiyang'ana ngati mlendo waulemu.

Mayi akuti, "Bambo ako akutha, iwe ukuyendera zidole."

Lamulungu, 9 Juni

Anthu a kumpingo abwera, ayimba. Bambo anagona nyimbo yachiwiri isanathe.

Lachiwiri, 11 Juni

Achimwene apeza kachidutswa ka mphindi zitatu. Wina anajambula TV yake ndi kamera zaka zambiri zapitazo. Chithunzi chikugwedezeka, wojambulayo akutsokomola. Mphuno ya nduna ndi yaing'ono kuposa imene Bambo ankatiuza.

Masana ndawatsamiritsa pa pilo, foni ndaigwirizira pafupi ndi nkhope yawo. Mayi anaima pakhomo ndi lichero la nyemba, ngati akungodutsa. Riboni yadulidwa, Bambo nkhope ili chimodzimodzi. Ndinayamba kuchita manyazi.

Kenako chidole chachikazi chinakweza ndowa yopanda madzi. Nduna isanayankhe, chala cha Bambo chinadzuka pa bulangeti. Milomo inayenda, mawu osatuluka. Nduna inachita kuwatsatira ndi "Amanhã" wake uja.

Bambo sanaseke. Msozi unatsikira kukhutu, chala chikadali chilili.

Mayi anaika lichero pansi, nakhala m'mphepete mwa bedi.

"Ibwerezenso," anatero. "Osório sanamalize."