Thumba Lobwereka la Feteleza

Lolemba, 24 Novembala 2008

Ndagulitsa thumba langa la feteleza wa makuponi kwa a Yassin a golosale pa Chulu. K5,500. Yonse yapita ku bungwe la ngongole, ya masabata awiri. Ndikanapanda kutero, anzanga a pagulu akanabwera kudzasasula malata. Ngongoleyi inali ya geni ya zitumbuwa. Agule ndani? Ndalama za fodya zinatha kale m'mudzi muno.

Lachinayi, 27 Novembala

Chimanga chamera bwino. Bola chikanakana.

Lolemba, 1 Disembala

Kunabwera a Goodwin, alangizi a ngongole. Akuti Lachisanu kubwera alendo akunja, eni ndalama, ndipo asankha ine chifukwa khadi langa lilibe banga. "Mudzangoti ngongole yanditukula, amayi." Ndawafunsa kuti chotukukacho n'chiti. Anamwaza maso m'nyumba: mphasa, ndowa. Akuti akabwereka thumba la feteleza kwa a Yassin, ndidzaime nalo pojambula.

Jane, wapampando wathu, kuseka. "Mudzadzoleko mafuta, alamu, mabwana angaone kutuwa."

Lachinayi, 4 Disembala

Thumba lafika. Ndi langa lomwe lija. Pakona pali L amene ndinalemba ndi khala tsiku logula, nditagona pamzere masiku awiri. Ligona kuchipinda ngati mlendo.

Lachisanu, 5 Disembala

Alendo atatu, aliyense ndi botolo lake la madzi. Ndinanena monga anandiuzira, osaphonya. Mayi wina mpaka misozi. Andijambula kasanu, dzanja pathumba. Atafunsa kuti ndithira liti, a Goodwin anandiyankhira: "Mawa."

Loweruka, 6 Disembala

A Goodwin sananame. M'mamawa ndinamasula ulusi, n'kutapa mbale zinayi, n'kusokanso m'mabowo omwewo. Ine Lefina, amene sindinatolepo ngakhale singano ya mwini. Fetelezayo ndinathira kachitsekero ka botolo paphando lililonse. Wakwana mizere isanu ndi iwiri ya kuseri kwa chigafa. Yotsalayo idziwa yokha.

Masana a Yassin anabwera okha ndi njinga. Ananyamula thumba, n'kulitsitsanso. Anayang'ana msoko, kenako ine.

"Mumasoka bwino, amayi a Dyna."

Analimanga pakaliyala n'kumapita akukankha. Manyazi ndawafunafuna, sindikuwapeza.