Kapinga Wathu Sakumbidwa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Thuchila tilipo, koma amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Bwalo la mpira la kusukulu, munagulukirapo dzino lija, azimayife tinadzalapo kapinga chaka chino. Tsono Lolemba a komiti ya sukulu anabwera ndi makasu ndi zikombole, ati dothi la pagolo ndi labwino kuumbira njerwa. Ine ndinangoyala chitenje pomwepo n'kukhala. Apampando anati, "Mayi, mukutchinga chitukuko." Ndinati, "Muyambe mwakumba ine." Anzanga anabwera n'kukhala nane. Pano njerwazo akuumbira kudambo.

Akakuimbirani foni kuti mlongo wanu ndi wamwano, muwauze kuti sakunama. Mutitumizireko mpira, bwalo lilipo. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati