Mphete imene bambo anandisemera ikukana kulowa

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti ine sindine munthu wa mavuto. Ndakhala pabanja zaka khumi ndi zinayi, amuna anga ndi ofatsa, ana awiri ali pasukulu, ntchito ndimagwira m'sitolo yogulitsa mankhwala. Kanthu kamene kandiimitsa mutu n'kakang'ono kokwana m'dzanja, moti mwina mundiseka.

Ndimakonda kujambula mwezi ndi nyenyezi. Ndili ndi kamera, lenzi imodzi yakalekale, ndi telesikopu, chija chonga mpope choonera zakumwamba. Vuto la zipangizozi n'lakuti sizigwirizana pakamwa. Kuti kamera igwirane ndi telesikopu pamafunika kamphete kolumikizira, kokhala ndi mazinga ngati a chivindikiro cha botolo, ndipo m'masitolo athu simupezeka. Ndiye ndinagula makina aang'ono oumba zinthu ndi pulasitiki. Ndimatenga pulani ya mphete pa intaneti, makinawo n'kumadontheza pulasitiki wosungunuka, mzere pamwamba pa mzere, maola anayi, mpaka mphete yatha. Amakhala m'chipinda chositira zovala, pakati pa simbi ndi dengu la masokosi, ndipo amuna anga amati ndinakwatiwanso kachiwiri osawauza.

Tsono nkhani ili pa bambo anga. Anagwira ntchito zaka makumi anayi pa makina osema zitsulo, ndipo kudula mazinga ndiye unali luso lawo. Chimwalirire amayi zaka ziwiri zapitazo, kashedi kawo kosemeramo zitsulo, ka kuseri kwa nyumba, bambo sanakatsegulenso. Ankangokhala pakhonde ndi wailesi.

Tsiku lina atabwera kudzacheza anatola mphete yanga imodzi, n'kuikanda ndi chikhadabo. "Iwe mwana, kamera yodula ija ukuipachika pa chingamu ichi? Mazinga ake ngati aluma makoswe. Bweretsa kuno ndikusemere yamkuwa." Ndinakondwa kwabasi, osati chifukwa cha mphete, koma kungowamva akutchulanso zosema.

Telesikopu ndi yolemera, sindikanakwera nayo basi. Ndinaika lula pakamwa pake, mamilimita 42. Ndinaika pa lenzi yakale ija, 42 yemweyo. Ndiye ndinangowatengera kamera ndi lenziyo kuti ayezerepo.

Anasema milungu itatu. Atandipatsa, ataikulunga mu mpango wa amayi, ndinangoti kukamwa yasa. Kusalala kwake! Kunyezimira kwake! Nditafika kunyumba, mbali ya kamera inalowa bwinobwino. Koma pa telesikopu inazungulira kamodzi ndi theka, basi gwa! Ndinayesa katatu, osatheka. Ndinakumbukira mmene manja awo amanjenjemera akamanyamula kapu ya tiyi, mtima unandiwawa, ndipo ndinaiponya m'dirowa osafunanso kuiona. Mwezi ndinaujambula ndi yapulasitiki yanga, ndipo chithunzi chinatuluka chokongola kuposa zonse, maenje a pamwezi kuoneka limodzilimodzi.

Mawa lake bambo anaimba foni. "Yagwira?" Ine, "Yagwira, bambo." Pakamwa panangoyankha pokha.

Aphungu, bodza limenelo lachita zodabwitsa. Chithunzicho nditawapatsa anachiika m'felemu pabalaza pawo, ndipo aliyense wolowa amauzidwa kuti, "Mwezi uwu unadutsa mu mphete yanga." Kashedi kamatsegulidwa m'mawa uliwonse. Akonzera anthu oyandikana nawo mipopi, zitseko, ngakhale chopukusira nyama cha mwini butchala wa pakona. Anenepako, ayambanso kumeta ndevu.

Koma pakutha pa mwezi uno akukwanitsa zaka 75, ndipo abale tonse tikumana kwathu kuno. Anena kale kuti akufuna adzamange okha mpheteyo pa telesikopu, zidzukulu zikuona. Amuna anga akuti ndiumbe yapulasitiki n'kuipaka penti yooneka ngati mkuwa. Ine ndimaganiza zodzanena kuti telesikopu yawonongeka. Sindikufuna bambo anga adzadziwire pagulu kuti manja awo anatha. Nditani?

E.N.K., kuseri kwa depoti ya mabasi

Mayi E.N.K.,

Kuseka ndaseka ndithu, makamaka pa nzeru ya amuna anuyo. Munthu wagwira mkuwa zaka makumi anayi mukamunamize ndi penti? Asanaiyang'ane n'komwe, dzanja lidzamuuza kulemera kwake. Awuzeni bambo akunyumbawo kuti ndawapatsa moni, koma nkhani iyi aisiye.

Ine za mazinga sindizidziwa, ndiye kalata yanu ndinapita nayo kwa mnzanga wina amene amakonza makamera. Atafika pamene mwalemba kuti inazungulira kamodzi ndi theka, anaomba m'manja, akuti aliyense wa ntchito imeneyi anagwapo m'dzenje lomweli. Akuti pali mazinga a mitundu iwiri, onse a pakamwa pa mamilimita 42, ofanana ndendende ukamawaona ndi maso. A malenzi akale ndi otalikirana pang'ono, a matelesikopu ambiri ndi othithikana. Lula singakuuzeni zimenezo. Inu simunazindikire chifukwa mapulani a pa intaneti amabwera atayezedwa kale, ndipo chipangizo chilichonse munachiumbira mphete yakeyake.

Mwamva kumene nkhani ikulowera? Munawapatsa bambo anu lenzi, iwo n'kudula mazinga a lenzi. Mwina ndithu mphete ija ilibe vuto, wolakwa ndi amene anapereka muyeso. Safunsa anadya phula, mayi.

Lero lomwe tsegulani dirowa ija, muyese mpheteyo pa lenzi yakaleyo. Ikalowa mpaka kumapeto osakakamiza, dziwani kuti manja amene mumawalira maliro aja adakali moyo.

Kenako pezani galimoto, mupite ndi telesikopu yonseyo kwa bambo anu. Mupite nokha, ana ndi amuna anu atsale, ndipo musadikire tsiku la phwando. Iikeni pa tebulo la mu kashedi muja, muwapatse mphete yawo, munene zinthu ziwiri mosazungulira: kuti munawapatsa muyeso wolakwika, ndiponso kuti munawanamiza pa foni. Chachiwiricho musachimeze. Chithunzi chili pabalaza chija chinajambulidwa ndi yapulasitiki, ndipo ayenera kumva zimenezo kuchokera pakamwa panu. Adzakukalipirani kuti mmisiri samutumizira chinthu chofanana nacho, amamutumizira chenichenicho. Zikatero khalani chete, mwaziyamba nokha. Akatulutsa koyezera mazinga kawo, kaja kokhala ngati chipeso, inu mukhale pambali muphunzire, chifukwa nanunso mukufunika kukadziwa.

Mphete yoyambayo musaitaye. Mnzanga uja akuti lenzi yakale ngati yanuyo imajambula bwino thambo lonse ndi nyenyezi zake. Imangeni pa kamera ndi mphete ya bambo anu, mujambule, mukawapatse chithunzi chimene angaloze popanda wina kugwetsa nkhope. Milungu yatsalayi mwina ikwana kuti aseme yachiwiri ya telesikopu. Ikapanda kukwana, si mlandu, zidzukulu zidzaonera ya lenziyo.

Makina anu apulasitiki musawanyoze ayi. Agwiritseni ntchito poumba mphete yoyesera, bambo aione ngati kutalika kwake kuli bwino, kenako aseme yamkuwa. Inu ndi iwo mungathe kugwirira limodzi, wina pa kompyuta wina pa chitsulo. Koma pa mfundo ya chingamu ija sananame kwenikweni. Pulasitiki amafewa akakhala padzuwa ndipo mazinga ake amadyeka, choncho kamera muziimangiriranso ndi lamba wake nthawi zonse.

Mukuopa kuti mukaulula, kashedi katsekedwanso. Ine sindikuganiza choncho. Chimene chinawadzutsa pakhonde paja si bodza lanu, chifukwa bodzalo linabwera atasema kale milungu itatu. Chinawadzutsa n'chakuti mwana wawo anawatuma ntchito.

Pomaliza ndikuchenjezeni. N'kutheka kuti ine ndi mnzangayo talakwitsa, mpheteyo ikakananso pa lenzi. Zikatero musaikakamize, mungaononge mazinga a lenzi yanu, ndipo ulendo wa kwa bambo musausinthe. Pa zaka makumi anayi zija ntchito yawo inabwezedwapo kambirimbiri, iwo n'kuikonza, n'kugona tulo tabwino. Zimenezo anazolowera. Chimene sanazolowere, ndipo chidzawapweteka kuposa manyazi a paphwando, n'kudzazindikira kuti mwana wawo anaona ntchito yawo itakana, n'kuganiza kuti akalamba kwambiri moti sangawauzenso zoona. Pitani Loweruka lino.

Aphungu