Mpheta za ku Kya Sand zatigonekera Kaitano

Kya Sand, Joni

Achemwali anga a Benedicta,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi uja unaleka kutupa? Ine ndi bambo a Chido tili bwino m'thupi, koma mtima wanga suli m'malo. Yambani mwakhala pansi. Mlongo wathu Kaitano ali m'chipatala, ndipo chamugoneka ndi mpheta.

Inde, mpheta zomwezi, musaganize kuti ndazungulira mutu. Kuno zilipo zambiri, ndipo siziopa munthu. Sizikhala kutchire ayi, zimafuna pamene pali denga ndi nyenyeswa. Pamkhukhu panga pomwe, kanyumba kathu ka malata aka, zinamanga chisa pansi pa lata, cha udzu, nthenga ndi ulusi wa matumba. Kukangocha ndi phokoso lokhalokha. Yamphongo ili ndi kandevu kakuda pakhosi, yaikazi ndi yotuwa chabe. Masana zimasamba m'fumbi pakhomo, n'kumadumphadumpha mpaka m'mbale ya Chido.

Kaitano amasesa m'nyumba yaikulu yosungiramo zakudya za nkhuku. Kudenga kwake mpheta zinachuluka zedi, zikumaboola matumba ndi kuwaipitsira. Abwana ake zitawakwana, anaitana anthu odzathira chimanga cha poizoni Loweruka, antchito onse ataweruka. Chikwangwani anakhoma kuofesi, m'Chingerezi. Wosesa ndani anamuuza?

Lolemba kunazizira mwadzidzidzi. Iye pofika anapeza mpheta zili mbwee pansi, zamoyo, zikungodzandira. Mukumudziwa mwana wa amayi anu, katswiri wa ulimbo kuyambira ali wamng'ono. Anati zakongwa ndi chisanu, Mulungu wamuponyera ndiwo. Anatola chipewa chodzaza. Mnzake wa ku Zimbabwe, Panashe, anamuletsa kuti mbalame za m'tauni sadya, iye n'kumuseka kuti ana obadwira pafamu sadziwa zokoma.

Madzulo anabwera nazo kwanga akuimba mluzu. Ine ndinali nditaphika kale nyemba, ndiye ndinamuuza kuti akaotchere kwake, asandinunkhitsire m'nyumba. Achemwali, ndikaganiza kuti Chido akanadya nawo, ndimangomukumbatira mwanayo. Anaotcha monga timachitira kwathu, kungososola nthenga, kuchotsa timatumbo, kuwaza mchere. Nthutumba ndi zonse za pakhosi anadyera kumodzi, m'mene munali chimanga chija.

Posakhalitsa anayamba kusanza, thupi lonse likunjenjemera, thovu kukamwa. Panashe yemweyo ndiye anamubereka mpaka pamsewu, n'kuimitsa galimoto. Eish, sindinaonepo mlongo wanga ali choncho, ndinalira ngati mwana. Adokotala ati poizoni wafika ku impso, ndipo sangalonjeze kanthu mpaka aone ngati ziyambenso kugwira bwino ntchito. Ali pa diripi. Ndikuopa, achemwali, ndikuopa kwambiri.

Dzulo anatsegula maso n'kundizindikira. Ine ndi pakamwa pangapa ndinayamba kumukalipira kuti kususuka kwamufikitsa pati. Kenaka anandiuza chapansipansi kuti m'mawa uja, akutola, ankamva tiana ta mpheta tikulira m'zisa kudenga, osaleka. Akuti anadabwa kuti makolo ake ali kuti osadzatidyetsa, osazindikira kuti anali nawo m'chipewa. Atatero anatembenukira kukhoma, n'kuyamba kutchula maina a ana ake, Sidi ndi Harun.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani nokha kwa mlamu wathu Omega, mkazi wake wa Kaitano, osati pafoni. Kaitano amamuimbira m'mawa uliwonse, ndiye tsopano mlamuyo akungondiimbira ine, ine n'kumanama kuti foni yake inawonongeka. Bodza landitopetsa. Mukamufotokozere zonse muli naye pafupi, kenaka mupitire limodzi kwa amayi, nkhani isanawafike ndi a mabasi. Paja anthu akwathu sachedwa. Kuno ena ayamba kale kunong'ona kuti Panashe anamuthirira mankhwala chifukwa cha ntchito. Amayi asataye mbuzi yawo kwa asing'anga. Palibe wamulodza mwana wawo, ndipo amene akumunenayo ndiye akugona pabenchi pachipatala.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume a ku Bembeke, kwa azakhali ndi kwa alamu. Sidi ndi Harun muziwaitana adzidya kwanu masiku ano, mayi wawo sadzakhala ndi mphamvu zophika.

Pamene ndikulemba pano, mpheta za padenga langa zikulowa ndi kutuluka, tizilombo kukamwa, tiana tikulira. Bambo a Chido amafuna kugwetsa chisacho chifukwa cha mkwiyo. Ndawauza kuti achisiye.

Tipempherereni.

Ndine mng'ono wanu,
Mainesi